Boti la a Fernando Linapita Popanda Ine

Amayi anzanga a kutchalitchi akhala akundiumiriza kuti ndilembe za ulendo wanga wa ku Mozambique. Akuti ndikamafotokoza pakamwa ndimayambira kumapeto, kenako ndimangolira. Ndiye lero ndakhala pansi kuti ndiyambire poyambira, ndipo Mulungu amene anandiyendetsa andikumbutse zonse.

Mwana wanga wachisamba ndi Felesiya. Anakwatiwa ndi Armando, mnyamata wa ku Mozambique amene ankabwera ndi nsomba zouma pamsika wa Limbuli. Kwathu kuno mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi, koma Armando anapempha mwaulemu kuti amutenge, poti ntchito yake ili kumadzi, pachilumba china kum'mwera kwa Quelimane kumene kulibe msewu. Tinalola, koma tinapangana chinthu chimodzi: mimba yoyamba adzachirira kwa mayi ake, monga inenso ndinachirira kwa mayi anga. Anayenera kubwera mu Meyi. Anazengereza, akuti adikire nsomba ziume kuti abwerere limodzi. Pofika Juni mphepo inali itayamba, njira ya panyanja inatsekeka.

Lolemba lina mu Julaye ndinali pakhonde kusenda nandolo, kunja kuli chiperoni, phiri losaoneka ndi pang'ono pomwe. Foni inalira. Nditayankha ndinamva mawu a Armando, ndipo ndinadziwa kuti kwagwa kanthu. Mkamwini sayimbira apongozi ake aakazi chisawawa. Zaka ziwiri zonse uthenga wake unkadzera kwa bambo ake a Felesiya.

"Amayi, pepani ndayimbira inuyo," anatero. "Anamwino a kuno amuyeza Felesiya. Akuti mwana wagona chopingasa, sanatembenuke. Kuno sangathe. Akufunika chipatala chachikulu cha ku Quelimane matenda asanayambe."

"Nanga mukudikira chiyani, bambo? Mutengeni!"

"Mabwato a kuno ndi ang'onoang'ono, amayi, ndipo mphepo yakula. Ndalankhula ndi a Fernando a ku Quelimane, ali ndi boti la injini. Akuti adzatitenga nyanja ikalola."

"Kwatsala masiku angati?"

"Akuti mwina sabata ziwiri. Mwina osakwana."

Kenako foni anatenga Felesiya. Sanalankhule zambiri. Anangoti, "Amayi, bwerani. Ndikuopa."

Bambo ake a Felesiya ndi mlonda pa esiteti ya tiyi, tchuthi sakanachipeza msanga. Anatsitsa sutikesi, natulutsa pasipoti yanga imene tinapangitsa chaka cha ukwati wa mwanayo, yosadindidwa ngakhale tsamba limodzi. Ine ndinayamba kumanga katundu: thumba la ufa woyera, nandolo wouma, nyemba za kalongonda, makaka a chinangwa, zinanazi zinayi, ndi chitenje chatsopano cha maluwa achikasu chimene ndinagula kuti ndidzaberekere mdzukulu tsiku lotuluka m'chikuta.

"Amake Felesiya, mukukatsegula golosale kumeneko?" anafunsa iwo.

"Munthu wochira adya mphepo?" ndinawayankha. Sanatsutse. Anandithandiza kumanga, kenako tinagwada pomwepo pakati pa matumba.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera minibasi pa Nkando. Kondakitala anayang'ana matumba anga nati, "Mayi, thumba ili ndi munthu wamkulu, lilipira ngati munthu." Ndinalibe mphamvu zokangana, ndinalipira. Pa Chitakale tinasinthidwa galimoto, matumba anatsitsidwa m'matope. Tinadutsa m'minda ya tiyi, anthu othyola atafunda mapepala apulasitiki, mvula yowaza ija ikungoti pherepete. Pa Limbuli ndinatenga makabaza awiri mpaka pachipata cha Muloza, wina wa ine, wina wa katundu.

Mzere wa pachipata unali wautali, koma tsidya la kwathu sanandivute. Tsidya linalo wapolisi anamasula kathumba ka kalongonda, chakudya chathu cha Alomwe, nanunkhiza, nayamba kuseka. Anandifunsa m'Chilomwe kuti ndine mwana wa yani. Chilomwe changa ndi cha m'khitchini mwa malemu mayi anga, koma ndinayankha monga ndikanathera. Anamanganso yekha kathumbako nati, "Pitani bwino, mayi, kuno ndi kwanu." Ndinaona kuti Mulungu wayamba kunditsegulira zitseko.

Ku Milanje, kumene anthu a m'malire amangoti ku Vila, minibasi amaitchula kuti chapa. Ndinapeza chapa ya ku Mocuba ili ndi anthu anayi okha. Inali nthawi ya kadzutsa. Dzuwa linafika pamutu, tili asanu ndi awiri. Dalaivala anagona pansi pa mtengo atavindikira nkhope ndi chipewa. Ine ndinkangotuluka ndi kulowa, kutuluka ndi kulowa.

Mayi wina wonenepa amene anakhala pafupi nane anandigwira mkono. "Achemwali, mutha nsapato. Kodi kwagwanji?" Amenewa anali mayi Luwiza, a ku Milanje konko, ochita geni ya nsomba zouma, ndipo ankapita ku Quelimane kukapikula. Chichewa ndi Chipwitikizi zonse zinali pakamwa pawo. Nditawafotokozera, anaimirira namanga chitenje m'chiuno.

"Galimoto sinyamuka ndi pemphero lokha, imanyamuka ikadzaza. Tiyeni tiwathandize aulesiwa."

Tinaima pamsewu azimayi awiri akuluakulu, kumakuwa ngati anyamata oitanira, "Mocuba! Mocuba!" Manyazi ndinawasiya pa Nkando. Mayi Luwiza anafika polanda chikwama cha bambo wina amene ankapita ku chapa ina, bamboyo nkumatsatira chikwama chake akuseka. Pasanathe ola chapa inadzaza, dalaivala anadzuka. Mumtima ndinati, ohoo, kani ulendo umafuna kuukankha chonchi. Phunziro limenelo ndi limene linadzandipusitsa kutsogolo.

Titayenda ngati theka la njira, tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anagwira bwino chiwongolero mpaka tinaima m'mbali, tonse tili Yesu, Yesu. Tayala lapadera linapezeka kuti lilibe mpweya. Kondakitala analikweza pa njinga yamoto yodutsa, napita nalo kumene sitikudziwa. Tinakhala pa udzu. Pamalopo panalibe nyumba, panalibe netiweki. Ndinkangoyang'ana foni ngati ingasinthe maganizo. Ndinaganiza kuti mwina nthawi yomweyo matenda ayamba, mwana wanga akundiitana, ine ndakhala pa udzu kuyembekeza tayala. Ana a mayi wina anayamba kulira njala, ndiye ndinasenda zinanazi ziwiri, tinagawana galimoto yonse. Mkulu wina anati chinanazi chotere sanachidyepo, ndipo anandifunsa ngati ku Mulanje timathira shuga m'munda.

Tayala linabwera dzuwa litapendeka kwambiri. Ku Mocuba tinagona pakhonde la sitolo pasiteji pamodzi ndi azimayi ena, matumba tatsamira. Lachitatu m'mawa tinakwera chapa ina, tinaimitsidwa pa Nicoadala kuti aone mapasipoti, kenako dziko linangoti see, minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati yokhayokha. Masana tinalowa mu Quelimane, mzinda wa njinga zakapalasa zochuluka kuposa za pa Limbuli tsiku la msika. Mayi Luwiza ananditengera kwa mng'ono wawo, nati ndigona kumeneko mpaka zanga zitatheka. Sindinawapemphe. Ambuye awakumbukire.

Tisanamwe ndi madzi omwe ndinati tipite kudoko. Ine ndinkayesa kuti ndikaona nyanja, koma Quelimane ali pamtsinje waukulu, nyanja ili kutali kumunsi. Madzi anali phee, ofiirira, timafunde tating'ono ngati ta padamu. A Fernando tinawapeza akupukuta injini. Anali bambo wamfupi, wa imvi, manja okhakhala. Boti lawo linali labuluu, lotalika kuposa minibasi pang'ono, lopanda denga. Mayi Luwiza atayamba Chipwitikizi, iwo anandiyang'ana nati, "Mwaswera bwanji, mayi? Ku Mulanje phiri likadalipo?"

Ndinadabwa. Anandiuza kuti nthawi ya nkhondo anathawira kwathu ali mnyamata, anakhala zaka zambiri kufupi ndi Muloza. "Ndinadya ufa wanu, ndinamwa madzi anu. Mwana wanu ndikamutenga, musadandaule."

"Zikomo, bambo. Ndiye tinyamuka nthawi yanji?"

"Lero ayi."

"Mawa?"

Anayang'ana nsonga za mitengo ya kokonati, zimene zinkaweramira mbali imodzi. "Tiona."

Lachinayi ndinalawirira ndi matumba anga onse. Anati lero ayi. Ndinaloza madzi ndi kunena kuti, "Koma bambo, si awa ali bata?" Anangoti, "Apa ndi pakhonde, mayi. Nkhondo ili kukhomo." Sindinamvetse. Ndinakhala pa thumba la ufa tsiku lonse kuwayang'ana akumanga zingwe, akutsuka zigubu, osafulumira ngakhale pang'ono. Madzulo Felesiya anayimba, poti pachilumbapo pali kachulu kamodzi pamene foni imagwira. Anati miyendo yatupa. Anafunsa kuti, "Amayi, mwafika pafupi chonchi, bwanji simukubwera?"

Pamenepo nzeru za ku Milanje zinandibwerera. Ndinati bamboyu ndi waulemu, akuchita manyazi kundiuza kuti boti silinadzaze. Angawotche petulo chifukwa cha mayi mmodzi ndi thumba la ufa? Padokopo panali anthu ena a kuzilumba amene anakhala masiku akudikira ndi katundu wawo, mpunga, shuga, sopo, malata. Ndinapita kwa mmodzimmodzi, ndi Chilomwe changa chothyokathyoka ndi manja, kuwauza kuti mawa boti labuluu linyamuka. Mayi Luwiza anali ku msika wa nsomba, sanadziwe zimene ndikuchita.

Lachisanu m'mawa a Fernando anapeza anthu asanu ndi anayi ataima pamzere pafupi ndi boti lawo, katundu ali mulu. Ine ndinali kutsogolo.

"Bambo, ladzaza," ndinatero. "Tiyeni."

Anayang'ana anthuwo, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugwira mawondo. Ataona kuti ine misozi ili mbwe, analeka. Analankhula ndi anthu aja m'chinenero chawo mofatsa, anthuwo nabalalika akung'ung'udza. Kenako anagubuduza chigubu nati ndikhalepo, iwo nanjuta pansi ndi kamtengo m'manja.

"Mayi, ili si minibasi. Minibasi imadikira kudzaza. Ine ndikudikira kuti ndipite wopanda kanthu."

Anajambula pamchenga mzere wokhotakhota. "Uwu ndi mtsinje, ife tili apa. Apa ndi pakhomo, pamene mtsinje umakumana ndi nyanja. Pansi pake pali mchenga wosaya. Tsono mphepo ya miyezi ino imachokera kum'mwera, kumene kuli mwana wanu. Chiperoni chimene chimakunyowetsani ku Mulanje chija chimayambira kuno. Kwanu chimafika chitatopa, chimangowaza. Kuno chimafika ndi mano."

Anapitiriza kuti madzi a kuno amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Akamaphwa, mtsinje umathamangira kunyanja, mphepo nkumakankha mafunde kulowa, ziwirizi zikagundana pakhomo paja funde limaimirira ngati khoma la nyumba. Podutsa pamafunika madzi akhale atadzaza ndi kuima. Komanso pakhale m'mamawa, chifukwa mphepo imagonako mbandakucha, dzuwa likakwera imadzuka. Ndipo nthawi yodzaza madzi imasuntha tsiku ndi tsiku, pafupifupi ola lathunthu.

"Ndiye ndikudikira alendo awiri kuti afike tsiku limodzi: madzi odzaza m'mamawa, ndi mphepo yofooka. Madzi ndikuwadziwa, afika Lolemba, akhala bwino masiku atatu. Mphepo ndi ya Mulungu. Pafoni akulosera kuti itsika Lamulungu, koma foni siinakwerepo boti."

"Nanga ikapanda kutsika?"

Sanandinamize. "Tidzadikira madzi ena, sabata ziwiri."

Sabata ziwiri Felesiya analibe. Koma a Fernando anali asanamalize.

"China ndi ichi, mayi, ndipo mundikhululukire. Matumba anuwa sakwera. Inunso simukwera."

Ndinaimirira. "Bambo, ndachoka ku Nkando! Ndagona pakhonde la sitolo! Mwanayo ndi mimba yake yoyamba, kwathu mayi amakhala pamutu pa mwana wake. Wandiitana yekha!"

"Ndamva. Khalani pansi." Anajambula boti pamchenga. "Popita tikulimbana ndi mphepo maso ndi maso. Boti lopepuka limakwera funde, lolemera limaliboola, madzi nkulowa. Injini polimbana ndi mphepo imamwa kawiri, ndiye apa ndi apa pakhala zigubu za petulo, poti kuchilumba sagulitsa. Kumbuyo kuno ine, kutsogolo mng'ono wanga wokapa madzi. Pobwerera, pakati ponsepa pagona mwana wanu pa matiresi, chifukwa sangakhale tsonga pamafunde. Uku mwamuna wake womugwira, uku namwino. Tsono ndilozereni, inu mukhala pati? Ndimutsitse ndani?"

Ndinayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali kufunafuna malo anga. Panalibe. Ndinagwada pamchenga, ndinawagwira mwendo, munthu wamkulu ine. Anati, "Mayi, mukandikakamiza ndikutengani. Koma mukatero mwasankha kukhala pamutu pake, simunasankhe kuti afike." Mawu amenewo anandibaya, ndipo ndinabwerera kunyumba osatsanzika.

Choipa china chinali chikudikira. Anthu amene ndinawasonkhanitsa aja, mwini boti wina atawaona ali chile ndi katundu wawo, anawakweza, nanyamuka nawo dzuwa litakwera, madzi akuphwa. Ine ndinamva madzulo kwa mayi Luwiza, tinathamangira kudoko. Boti lija linali litabwerera. Anthu ankatsika ali nyowe, ena akusanza, ena osatha kuima. Pakhomo paja funde linawadzazira madzi, ndipo kuti apulumuke anataya katundu yense m'nyanja. Palibe anafa, Mulungu alemekezeke. Koma mayi wina wamng'ono thupi, amene dzulo lake ndinamukoka dzanja ndekha kuti abwere pamzere, anakhala pansi manja ali pamutu. Mpunga wake ndi shuga wake zonse zinapita. Atandiona sananditukwane. Anangondiyang'ana.

Ndinatuma njinga kukatenga thumba la ufa, nandolo ndi makaka, ndinaziika pamapazi pake. Sizikanabweza zake, koma ndinalibe china. Kenako ndinapita kwa a Fernando ndi kunena kuti, "Bambo, ndamva. Nditsala." Anangogwedeza mutu.

Loweruka mphepo inakula kuposa kale, mpaka makokonati ankagwa m'misewu. Felesiya anayimba kuti msana ukumupweteka. Ndinamuuza kuti agone cham'mbali, asanyamule kanthu, asakwerenso kachulu kaja, aziyimba ndi mwamuna wake. Atafunsa ngati ndikubwera ndi boti, ndinati, "Ine undipeza padoko, mwanawe." Foni inaduka. Bambo ake anayimbanso kuchokera ku Nkando, akuti chiperoni chikadalipo, zovala siziuma. Ndinati pempherani kuti chileke. Anadabwa kuti chiperoni chalowa bwanji m'nkhaniyi.

Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi china pafupi ndi nyumba. Zonse zinali m'Chipwitikizi, ndinangomva Ameni yekha. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, munadzudzula mphepo panyanja kale, mphepo ndi yomweyi, Inu ndinu yemweyo. Ndilibe boti, ndilibe nzeru, ngakhale malo m'botimo ndilibe. Potuluka ndinayang'ana mitengo ya kokonati monga ankachitira a Fernando. Inkagwedezeka ndithu, koma sinkawerama. Madzulo a Fernando anatumiza uthenga kuti tibweretse matiresi.

Lolemba kukuyera tinali padoko. Zigubu zinali zitamangidwa kale, matiresi a mng'ono wawo wa mayi Luwiza atakulungidwa m'pulasitiki. A Fernando ndi mng'ono wawo anavala majekete oyandamitsa, ena atatu anawamangirira pansi pa mpando. Ndinatulutsa chitenje cha maluwa achikasu.

"Ichi chokha, bambo. Sichilemera."

Anachilandira ndi manja awiri, nachilowetsa mkati mwa jekete. Kenako ananditengera pa mtengo wina wa doko wozikika m'madzi, umene uli ndi mzere wa utoto woyera. "Mawa tikanyamuka kuchilumba kukangoyera. Mphepo idzakhala kumbuyo kwathu, tidzathamanga. Muziyang'ana apa. Madzi akamakwera kulinga pamzerewu, khomo ndi lotsegula. Akayamba kutsika, latsekeka, tidzadikira kunja mpaka madzulo."

Injini inalira, boti linapita, ine ndinatsala ndi kathumba ka kalongonda m'manja. Tsiku limenelo sindinadye. Dzuwa litapendeka Armando anayimba: afika, anyowa ngati nkhuku, koma afika.

Lachiwiri kusanache bwino foni inaliranso. "Amayi, tikunyamuka. Koma matenda ayamba pang'onopang'ono." Ndisanafunse kanthu inaduka, ndipo sinagwirenso.

Ndinakakhala pafupi ndi mtengo wa mzere woyera uja. Mayi Luwiza anasiya nsomba zawo nadzakhala nane, galimoto yopita kuchipatala atapangana nayo kale. Madzi ankakwera pang'onopang'ono. Ine amene kwathu ndimayang'ana kuphiri kuti ndidziwe za mvula, tsiku limenelo ndinkapempherera mtengo wa doko. Anatsala chikhatho chimodzi, anatsala zala ziwiri, anafika pamzere. Anaima. Ndinayang'ana kumunsi kwa mtsinje, kunalibe kanthu. Ndinati Ambuye, agwireni madziwa monga munagwirira Yorodano. Koma patapita kanthawi pansi pa mzere panaoneka kachigawo konyowa. Madzi anali akutsika.

M'maganizo ndinaona mwana wanga ali kunja kwa khomo, matenda atakula, akudikira madzulo pamafunde, mwana atapingasa. Ndinalira mokweza, anthu a padoko anasonkhana. Mayi Luwiza anandifungatira. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Amene anandigwedeza phewa anali mayi wamng'ono thupi uja, wotaya mpunga. Ankaloza kumunsi akunena mawu amene sindinawamve. Kutali kunali kadontho kabuluu.

Ndinali nditaiwala kuti kuchokera pakhomo paja kufika padoko ndi ulendo winanso. A Fernando anandiuza pambuyo pake kuti analowa madzi ataima ndendende, ndipo funde limodzi linawanyamula kumbuyo ngati likufuna kuwaponya, koma boti linali lopepuka, linakwera.

Atakocheza ndinasuzumira mkati. Felesiya anagona pakati pa matiresi, atamangidwa ndi chingwe chodutsa pachifuwa kuti asagubuduke, Armando uku, namwino uku, zigubu m'mbali. Zinali monga anajambulira pamchenga. Panalibe poika ngakhale phazi langa. Kumutu anafunda chitenje chachikasu, chitanyowa. Anatsegula maso nati, "Amayi, mulipo?" Ndinati, "Ndinakuuza kuti undipeza padoko." Ndinamupukuta nkhope ndi dzanja, ndipo mphumi yake inali ndi mchere woyera ngati ufa.

Kuchipatala sanachedwe naye, anamulowetsa ku opaleshoni. Ine ndi Armando tinakhala pabenchi limodzi, iye kumapeto uku ine kumapeto uko, mkamwini ndi apongozi, osayang'anana. Namwino atatuluka kudzanena kuti ndi mwana wamkazi ndipo onse ali moyo, tinapezeka tagwirana manja osadziwa kuti wayamba ndani. Adokotala anati akanachedwa mpaka madzulo nkhani ikanakhala ina.

A Fernando ndinakawathokoza m'mawa mwake. Ndinalibe chowapatsa koma kalongonda uja. Anamasula, nanunkhiza. Anati chichokereni ku Muloza sanamulawenso.

Tinabwerera patatha sabata zitatu, njira yomweyo, Mocuba, Milanje, Muloza, popanda tayala kuphulika. Felesiya ndi mwana ali kuno mpaka mphepo ya chaka chino idzathe. Anthu pa Nkando amandifunsa kuti, "Amake Felesiya, mwapita kunyanja yamchere, tatiuzani njotani?" Ndimawauza zoona, kuti sindinaione. Ndinangoona mtengo wa doko ndi mzere woyera. Koma chitenje chachikasu chija ndinachiyanika osachapa, chinauma gwa ndi mchere, ndipo tsiku lotulutsa mwana m'chikuta ndinanyambita kansonga kake ndisanachiviike m'madzi. Ndi nyanja yokhayo imene ndikuidziwa. Mdzukulu wanga ndikulemba pano ali kumsana kwanga m'chitenje chomwecho, ndipo kunja kwayambanso kuwaza.